Kagalimoto ka pafamu kanyamula teyala pakona

Wa ku Bangula, ali ku Arava m'dziko la Israel: Abale mwaswera bwanji? Ndikufuna nzeru kwa amene munayendetsapo timagalimoto ta pafamu iti, ta mipando yoyandikana ndi bokosi kumbuyo. Bwana wandipatsa kamodzi sabata ino kuti ndizinyamulira thanki ya mankhwala kupita m'magirinihausi a tsabola. Lero masana ndikukhotera kumanzere pakona ya shedi, teyala lakumbuyo la mbali yanga lanyamuka. Ndalimva ndithu likuchoka pansi, kenako n'kubwerera ndi chiphokoso. Ndinali pa liwiro la makilomita 25 pa ola basi. Mawondo akunjenjemerabe mpaka pano. Kodi n'kowonongeka, kapena ndi mmene timakhalira?

Wa ku Nchalo, ali ku De Doorns ku Joni: Thankiyo inali yodzaza?

Wa ku Bangula, ali ku Arava: Ndi ya malita 200, munatsala ngati theka.

Wa ku Nchalo, ali ku De Doorns: Eya, nkhani yagona pamenepo achimwene. Thanki yodzaza imalemera, koma madzi ake amakhala phee. Ya theka ndiye yachinyengo. Inu mukakhotera kumanzere madzi onse amathamangira kumanja, n'kukamenya khoma la thanki kagalimoto katapendekeka kale. Lita imodzi ndi kilo imodzi, ndiye makilo 100 anakukankhani m'nthiti nthawi imodzi. Mwakulira pafupi ndi Shire, mukudziwa zomwe madzi olowa m'bwato amachita munthu akapanda kuwakapa. Bwato likapendekera uku, madzi nawo amatsatira komweko.

Wa ku Makhuwira, ali ku Tzaneen ku Joni: Ndilowererepo, poti ine ndimathandiza ku galaja ya pafamu, timagalimoto iti ndimatigwira tsiku ndi tsiku. Kanuko sikanawonongeke. Ta mtundu wa Ranger, Gator, Mule, Kubota, tonseti n'topapatiza koma totalika miyendo kuti tizidutsa pamiyala ndi m'mizere osagunda mimba. Masipulingi ake ndi ofewa. Tsono munthu umakhala pamwamba, bokosi lili pamwamba, thanki pamwamba pa bokosi. Baki ikathamanga pakona yafumbi kawirikawiri imayamba yaterereka, dalaivala n'kudzidzimuka. Kameneka sikakuchenjeza choncho, kamangopendekeka n'kugona.

Ndipo musamanyozere 25. Mphamvu yokukankhira kunja kwa kona sikwera mofanana ndi liwiro. Kona yomweyo ukaidutsa pa 30 m'malo mwa 15, mphamvu ija imachuluka kanayi, osati kawiri. Ndiye buleki pondani msewu ukadali wowongoka, kona isanayambe. Lowani pang'onopang'ono, chiwongolero muzichipinda mofatsa, mafuta muwonjeze mukaona kuti mphuno yawongoka. Choipitsitsa ndi kukhota mwadzidzidzi uku ukuponda mafuta, makamaka podzuka pomwe unaima. Ambiri amagwa pamenepo, pabwalo poyera, pa liwiro loti wanjinga angakupitirire.

Wa ku Sorgin, ali ku Malelane ku Joni: Koma inu musamuopseze mwana. Ife kuno m'minda ya nzimbe timatithamangitsa mpaka 50, pakona umangoponda mafuta kumbuyo kumaterereka kokha n'kuwongoka. Ana a bwana amachita zimenezi tsiku lililonse. Ukatchera 4x4, yoti matayala onse anayi azikoka, kamagwira pansi ngati nkhupakupa.

Wa ku Makhuwira, ali ku Tzaneen: 4x4 imathandiza kukoka m'matope ndi pamchenga achimwene, siitsitsa thanki kapena kukulitsa kagalimoto m'lifupi. Ndipo kuterereka kumene mukunenako kumayenda bwino mpaka tsiku lomwe teyala lakunja lidzapeza kamzere kamene madzi anakumba, kapena chitsa cha nzimbe. Kuterereka kumathera pompo, koma thupi la kagalimoto limapitirirabe ulendo wake.

Madala a ku Ngabu, ali kumudzi: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga, ndiyankhuleko. Ena mwa inu mukudziwa chifukwa chimene ndinabwerera kuno kuchokera ku Joni, ena simudziwa.

Ndinali pafamu ina ya nzimbe ku KwaZulu-Natal. Tsikulo kunali kutada, kapitawo akuti matumba a fetereza otsala afike kumunda wakumunsi tisanaweruke. M'malo moyenda kawiri ndinapakira onse ulendo umodzi, matumba a makilo 50, kuwasanja mpaka kupitirira m'mphepete mwa bokosi. Chingwe sindinamange. Lamba wapampando ndinali nditamulowetsa kuseri kwa msana, monga tinkachitira tonse, kuti kasamachepetse liwiro komanso kuti ndizitsika msanga. Njira ndinkaidziwa ngati ya kumunda kwanga. Pakona ina paipi yothirira inali itadontha tsiku lonse, pakati poterera, m'mbali mouma gwa ndi mzere wa thalakitala. Kumbuyo kunaterereka pang'ono chabe. Ndinamva teyala likugunda mzere uja, matumba n'kusunthira mbali yanga, ndipo ndinaona nthaka ikubwera. Sindinaganize chilichonse. Dzanja linangotuluka lokha kuti ndidzitchinjirize, ngati mmene munthu amachitira akamagwa panjinga. Chitsulo chija chapamwamba, chomwe anaikira kuti chinditeteze, ndi chimene chinatera pamkono wanga.

Injini inapitiriza kulira. Fetereza anali atandithirikira m'makutu ndi m'kamwa. Anzanga anayi ndiwo anadzanyamula kagalimoto kuti andisolole, wachisanu akukoka malaya. Fupa linathyoka pawiri, anandiika zitsulo. Kagalimotoko anakaimika, kusintha galasi, mawa lake kanali pantchito.

Lero ndikagwira khasu pamakande athu ano, mizere itatu mkono wauma. Thonje ndimatola ndi dzanja limodzi. Amayi anu ndi anawa ndi amene akulima. Tsono mphwanga wa ku Sorgin, ana a bwana akagwa ali kwawo, chipatala chawo chilipo, ntchito siwathera. Iwe unapita kukasaka malata a nyumba ya mayi ako, ndipo chida chako ndi manja awiriwo.

Wa ku Sorgin, ali ku Malelane: Ndamva madala. Pepani, sindinkadziwa kuti zinayenda choncho. Za lamba kuseri kwa msana ndimachita nanenso.

Wa ku Makhuwira, ali ku Tzaneen: Zimenezo zisiyeni lero lomwe. Timagalimoto tambiri tatsopano anatipanga dala kuti dalaivala akapanda kumanga lamba tisapitirire pafupifupi makilomita 24 pa ola. Ukamanga kuseri wapusitsa makina, koma khola lachitsulo lija limagwira ntchito pokhapokha iwe ukhale m'kati mwake. Likamagubuduzika iwe uli theka kunja, limasanduka mbuna yako. Kakayamba kugwa, manja onse pachiwongolero, mapazi ponda pansi mwamphamvu, usatulutse mwendo. Wokwera naye agwire chogwirira chake cham'kati, osati chitsulo cha khola, chifukwa zala zimatsalira pamenepo. Ukonde kapena tizitseko ta m'mbali, ngati tilipo, titsekeni ngakhale ulendo wa mamita 100. Chisoti chikakhalapo valani, ngakhale ku Arava kutenthe bwanji.

Vutoli si la ife tokha ayi. Ku America mu 2009, bungwe la boma loona zachitetezo cha katundu wogulitsidwa, CPSC, linafufuza ngozi za Yamaha Rhino 450 ndi 660 momwe munafa anthu 46. Zambiri zinali zogubuduzika, ndipo zochuluka zinachitika pokhota pa liwiro lochepa, pamalo athyathyathya. Kampaniyo inaimitsa kaye kugulitsa n'kuyamba kukonza ulere. Anatalikitsa matayala akumbuyo pafupifupi masentimita 5 mbali iliyonse, kuchotsa chitsulo cholumikiza miyendo iwiri yakumbuyo, n'kuika tizitseko ndi zogwirira. Taonani kuchepa kwa zomwe anasintha. Zikusonyeza kuti malire pakati pa kuima ndi kugwa ndi aang'ono kwambiri, ndipo matumba awiri owonjezera pamwamba akhoza kuwamaliza.

Achemwali a ku Dyeratu, ali ku Ceres ku Joni: Ine sindiyendetsa, koma ndinene za ife okwezedwa. Nthawi yothyola maapozi, poweruka anyamata amaima n'kutiuza kuti tikwere m'bokosi, atsikana anayi kapena asanu, ena atakhala m'mphepete miyendo ili lendelende. Munthu watopa, komboni ili kutali, umakopeka. Mwezi watha mnzathu wina anaponyedwa pakona ya damu, anachita mwayi kugwera pa udzu, anangosupuka chigongono ndi tsaya. Kuyambira pamenepo ndimayenda wapansi. Achimwene anga amene mwapatsidwa makiyi, muzikana ndinu, chifukwa ife sitidziwa kuti tikakwera kumbuyo tikukwezanso kulemera m'mwamba. Kubokosi kulibe lamba, kulibe khola.

Wa ku Nchalo, ali ku De Doorns: Zoona achemwali. Ndi ngolo ya thonje imeneyi. Aliyense wa kwathu anaonapo ngolo yosanjikizidwa mabelo mpaka kumwamba ikugona pakamtsetse kakang'ono, ng'ombe zikuyenda pang'onopang'ono. Katundu wolemera pansi, pafupi ndi mipando, pakati, ndi kumanga. Kulemera kololedwa kunalembedwa pa sitika ya pabokosi. Tating'ono tina ndi makilo 227 okha, tatikulu 454.

Ndiwonjezere la phula. Kuno tikamadutsa kamsewu katala kupita kushedi yopakira mphesa m'pamene ndimaopa kwambiri. Matayala a zibuluzibulu aja pafumbi amalolera pang'ono, paphula amaluma n'kupindika m'mbali. Mabuku ake omwe amaletsa kuyenda paphula.

Wa ku Bangula, ali ku Arava: Pamene panandichitikira paja ndi pasimenti, kutsogolo kwa shedi. Ndiye pali kabatani kena kojambula matayala awiri ndi loko, mnzanga wa ku Thailand anandiuza kuti ndizingokasiya kotchera.

Wa ku Makhuwira, ali ku Tzaneen: Ndi difu loko imeneyo. Pokhota, teyala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati. Difu ikatsekedwa onse amazungulira mofanana, ndiye kagalimoto kamakana kukhota, kamafuna kupita kutsogolo. Iwe umapinda chiwongolero mowonjeza, ukuwonjezanso mafuta, kenako matayala akutsogolo amagwira mwadzidzidzi, lamkati lakumbuyo n'kunyamuka. Mnzanuyo mwina amayenda kwambiri mumchenga, kumeneko loko ndi yofunika. Pasimenti ndi panthaka youma itsekuleni. Koma musaitchere kapena kuitsekula matayala akupota, imani kaye.

Mawa m'mawa pemphani geji muyeze mpweya matayala asanatenthe. Awa si a galimoto. Ambiri amafuna pakati pa 10 ndi 20 psi (muyezo wa mpweya pageji), nambala yeniyeni ili pa sitika pafupi ndi mpando. Anthu amapopa ndi kompuresa ya thalakitala mpaka 30, kagalimoto n'kumadumpha ngati mpira. Ndipo la kumanzere ndi la kumanja akhale ofanana, kusiyana pang'ono kumamveka pakona.

Wa ku Tengani, ali ku Tzaneen: Nanga pamtsetse? Minda ya mapeyala kuno ili m'mapiri, kutsika kwake kumandikumbutsa makona a pa Thabwa.

Wa ku Makhuwira, ali ku Tzaneen: Giya yotsika ya L musanayambe kutsika, makamaka ndi katundu kapena ngolo kumbuyo. Tambiri timayendera lamba wa raba m'malo mwa magiya wamba, ndipo tina ukasiyiratu mafuta injini imaleka kugwira, kamangotsetsereka. Kwerani molunjika, tsikani molunjika. Kudula phiri chammbali ndiko kugwetsa, ndipo kutembenuka pakati pa chitunda musayese. Buku la Ranger limati osapitirira madigiri 15. Mukamva mbali yakumtunda ikupepuka, pindani mphuno iloze kumunsi, ngakhale mtima ukukuuzani kuthawira kumtunda. Tionane Lamlungu kutchalitchi ndikakusonyezeni pa yathu.

Madala a ku Ngabu, ali kumudzi: China chimodzi chimene ine ndinachedwa nacho. Mukavulala pantchito, ngakhale pang'ono, nenani kwa kapitawo tsiku lomwelo ndipo zilembedwe. Ku Joni kuli lamulo la chipepeso la COIDA, ku Israel kuli Bituach Leumi, bungwe la boma la inshuwalansi. Jambulani malo, jambulani bala, sungani pepala lililonse la kuchipatala, tumizani zithunzi zake kwa m'bale wanu kuno. Mapepala anga ena anasowa posamuka, ndinavutika nazo kwambiri.

Wa ku Bangula, ali ku Arava: Mwadzuka bwanji nonse. Ndayeza. Sitika ikuti 14. Akutsogolo anali 16 ndi 15, lakumbuyo kumanzere 27, lakumanja 11. Ndafananitsa onse. Thanki inali itamangidwa ndi chingwe chimodzi kumapeto kwa bokosi, ndaikankhira kutsogolo n'kumanga ziwiri. Loko ndatsekula. Pakona ija ndadutsa pa 10 katatu m'mawa uno, matayala onse ali pansi. Bwana anandiona ndili ndi geji, wandiuza kuti ndiyezenso ka mnzanga kaja. Takhuta madala, takhuta abale.

Madala a ku Ngabu, ali kumudzi: Nanga lamba?

Wa ku Bangula, ali ku Arava: Ali pachifuwa madala. Ndikutumiza chithunzi.