Ndithandizeni nzeru: lole ya nambala ya ku Mozambique ndiilowetse bwanji kuti ikhale yangayanga?

Wofunsa, wa pa Bangula:

Akuluakulu ndi amayi a pagulu pano, ndikupempha nzeru. Dzina ndabisa chifukwa nkhaniyi ikukhudza achibale.

Ine ndimagula mbuzi ndi chitowe m'midzi ya kwa Tengani ndi ku Phokera n'kumakagulitsa pa Nchalo, msika ukakoma mpaka ku Blantyre. Chiyambire 2023 ndimayendera malole a hayala. Amene amachita geni ngati yangayi akudziwa: ukachotsa hayala, n'kuwerengeranso tsiku limene mwini lole sanabwere mbuzi zili kale pamsewu padzuwa la kunoli, chotsala m'thumba n'chochepa zedi.

Tsono alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, amakhala ku Mutarara. Ali ndi Toyota Dyna ya matani 2, ya 2006, yochokera ku Japan koma inalembetsedwa ku Mozambique konko, nambala yake yothera TT. Akusamukira ku Beira, ndiye akuigulitsa. Ndinawoloka pa Marka ndi makaniko wanga kukaiona. Injini ikulira bwino, utsi palibe, masipuling'i ndi amoyo. Mtengo ndi wapachibale, ndikagulitsa ng'ombe 7 n'kuphatikiza za banki m'khonde za mayiwa ndikwanitsa. Pakadali pano ndangopereka chikole cha ng'ombe imodzi.

Pamene ndaima ndi pa msonkho. Aliyense amene ndamufunsa akundiopseza ndi duty, ndipo aliyense ali ndi njira yake. Ena akuti lole ikhalebe m'dzina la alamu, ndiziyendera TIP (chilolezo cholowa ndi galimoto yakunja kwa kanthawi), ikamatha ndizipita pa Marka kukatenga ina, poti kuchoka pa Bangula si patali. Ena akuti mng'ono wanga amene ali ku Johannesburg akamabwera adzanene kuti ndi yake, ilowe ulere ngati katundu wa munthu wobwerera kwawo.

Njira yachitatu ndi imene yandisowetsa tulo. Malemu bambo anga anasiya Dyna yoyera ya m'ma 1990, nambala ya NE. Madzi a Freddy anaimiza mu Marichi 2023, injini inadzaza matope, mpaka lero ili pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba. Blue book yake ndili nayo. Mnyamata wina wa pagalaja akuti atha kusamutsa manambala ndi kachitsulo ka chesisi kupita pa ya alamuyi, palibe angadziwe. Ndinene zoona, mtima wanga ukukokera kumeneku, osati chifukwa cha ndalama zokha. Lole imene ija inatiphunzitsa sukulu tonse anayi, ndipo kuona nambala ya bambo ikuyendanso pa M1 kukanandigwetsa misozi.

Amene munadutsamo, ndiuzeni: mwa njira zitatuzi ilipo yoti munthu n'kugona nayo tulo? Nanga yolondolayo imayambira pati?

Ajenti woombola katundu, pa Mwanza:

Achimwene, mwachita bwino kufunsa ng'ombe zisanachoke m'khola. Ndiyambe ndi TIP. Pepala limeneli ndi la mlendo, munthu amene amakhala kunja ndipo wabwera ndi galimoto yake kudzacheza kapena kudzadutsa. Limakhala la masiku owerengeka, kawirikawiri 30, ndipo pamalembedwa dzina la amene walowa nayo ndi nambala ya pasipoti yake. Inu ndinu nzika yokhala pa Bangula, alamu anu adzakhala ali ku Beira. Akakuimitsani pa Thabwa mutanyamula mbuzi 30, funso loyamba likhala lakuti mwini pepalali ali kuti, lachiwiri lakuti galimoto ya mlendo ikuchita bwanji geni m'dziko muno. Zonse ziwiri mulibe yankho lake. Komanso masiku ano zolowa ndi zotuluka zimalembedwa mu kompyuta, lole yomangotuluka m'mawa n'kulowanso masana mwezi ndi mwezi imaonekera poyera.

Yolondola imayambira kutsidya konko. Alamu anu akhale ndi livrete (blue book ya ku Mozambique) ndi chikalata cha umwini m'dzina lawo lenileni, mulemberane kalata yogulitsana, apolisi a kumeneko atsimikize kuti si yobedwa, ndipo ituluke ndi mapepala a kasitomu ya ku Mozambique. Kuno ajenti amalemba declaration mu ASYCUDA (kompyuta ya kasitomu), pamafunika TPIN yanu (nambala yanu ya msonkho). A MRA amaiona n'kuwerengera zinthu zitatu: import duty, excise ndi VAT. Kuwerengerako kumatsata mtundu wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake, ndipo sadalira mtengo wapachibale umene mwagwirizanawo, ali ndi mawerengedwe awo. Mukalipira mumapeza Customs Clearance Certificate. Popanda imeneyi a Road Traffic sangailowetse mu MaLTIS, kompyuta yawo yolembetsera magalimoto. Kenako kwatsala clearance ya apolisi a Interpol kuno, kulembetsa, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera pamsewu), inshulansi ndi manambala.

Chimene ndingakulangizeni lero lomwe: jambulani livrete, nambala ya chesisi ndi ya injini, mupite nazo ku ofesi ya MRA pa Marka kapena ku Blantyre akuuzeni chiwerengero. Anthu ambiri amathawa msonkho umene sanaumve n'komwe kuti ndi zingati. Lole yonyamula katundu siwerengedwa mofanana ndi galimoto yaing'ono yoyendera, tsono zimene akukuopsezani nazo anzanu a Sienta ndi Mira zisakhale muyeso wanu.

Mayi wa pa Nchalo:

Bambo, ya TIP ija isiyeni, ndikukupemphani. Amuna anga anagula kagalimoto ka nambala ya GP, ya ku South Africa, kwa mnzawo amene ankabwerera ku Joni. Miyezi 8 tinkayenda bwinobwino, mwini wake ankatitumizira kalata yoti watibwereka. Tsiku lina tikuperekeza mwana wodwala ku Blantyre anatiimitsa pa rodibuloko, pepala linali litatha sabata zitatu. Galimoto inatsala pomwepo, ife ndi mwana tinakwera minibasi kukwera mapiri aja. Kuti tiiombole panafunika msonkho wonse uja tinkauthawa, kuwonjezapo chindapusa, ndipo mwini dzina foni yake inali itasiya kulowa. Tinaisiya. Mpaka lero nkhani imeneyi sitiikamba m'nyumba.

Wakabaza wa pa Marka:

Ine ndilankhule mosiyana ndi enawa. Kuno kumalire theka la mabanja lili mbali ino, theka lili ku Vila Nova ndi Mutarara. Maliro ndi amodzi, chinenero chimodzi, minda ina ili kutsidya. Njinga zamoto zimene zikunyamula amayi oyembekezera usiku kupita kuchipatala zambiri tinagula kutsidya, ndipo si zonse zili ndi manambala. Tikanati tidikire mapepala bwenzi anthu akufera panjira. Munthu wagulitsa ng'ombe 7 kuti adzithandize, ndiye agulitsenso zina kuti alipire lole imene yangoyenda mtunda wa tsiku limodzi? Zimandipweteka. Malamulowa anawalemba anthu amene sanafikepo ku Ndamera.

Mphunzitsi wa pa Ngabu:

Achimwene a pa Marka, ululu wanuwo ndi woona, ndipo palibe wa kuchigwa kuno angautsutse. Koma njinga yanu imazungulira m'midzi, ikaona zovuta imakhota kanjira. Lole ya mbuzi yopita ku Blantyre ilibe kanjira, iwoloka pa mlatho wa Kamuzu, idutsa pa Thabwa, ikwera mapiri, tsiku lililonse pamaso pa anthu omwewo. Ndiponso njinga yopanda nambala ikagunda mwana, amene amalira opanda chipukuta misozi ndi ife tomwe a m'mudzi, chifukwa inshulansi palibe. Nkhani yakuti msonkho ukhale wotsika tikaikambe ndi aphungu athu, koma tisamuuze mnzathuyu kuti aike chuma chake chonse pa chinthu chimene sangachiteteze.

Wakabaza wa pa Marka:

Aphunzitsi, za mlatho ndi Thabwa ndavomera. Koma za aphungu ndiye tinakamba kale kambirimbiri.

Makaniko wachikulire, pa Dyeratu:

Mwana wanga, ndikuyankhe pa za lole ya bambo ako, chifukwa ndaona kuti enawa akuilambalala pomwe ndi imene ili mumtima mwako.

Kachitsulo kamene mnyamatayo akunena ndi kongokhomera ndi marivheti, n'zoona kamachoka. Koma nambala yeniyeni ya Dyna inadindidwa pa felemu penipeni, pachitsulo chochindikala. Kuti aisinthe ayenera kupala ndi galainda kapena kudula chigamba n'kuwotcherera china. Ine zaka zanga zonsezi sindinaonepo chigamba chimene munthu wodziwa sangachizindikire. Penti imasiyana, chitsulo chimachepa, manambala odinda pamanja sayima mzere umodzi. Ndipo ya bambo akoyo ndi ya zaka za m'ma 1990, ya alamu ako ndi ya 2006. Kabini ndi yosiyana, injini ndi yosiyana. Woyesa COF akangoyang'ana pa kompyuta n'kuyang'ana lole, waona kale.

Tsono mvetsa kusiyana kwake. Ukagwidwa ndi TIP yakutha, mlandu ndi wa msonkho. Ukagwidwa ndi chesisi yopalidwa, apolisi amayamba ndi kuganiza kuti galimotoyo ndi yobedwa, ndipo iwe ulibe njira yosonyezera kuti si yobedwa, poti nambala imene ikanakuikira umboni waifafaniza wekha. Alamu akonso alowa m'mavuto, chifukwa kwawoko lole ikuonekabe m'dzina lawo. Mnyamata wa pagalajayo tsiku limenelo sudzamuona.

Bambo ako ndikhulupirira anali munthu wolemekezeka. Dzina lawo lili pa blue book imeneyo. Usalitengere kukhoti iwo ali m'manda. Ngati ukufuna chinachake chawo chiziyenda nawe, tenga bodi ndi zitsulo za m'mbali, ngati dzimbiri silinadye, tikamange pa yatsopanoyo. Diff ndi masipuling'i ugulitse, ziwonjezere pa duty.

Wobwerera kuchokera ku Joni, pa Nsanje boma:

Za mng'ono wanuzo ndiyankhe ine, ndinalowa ndi bakkie yanga mwa njira imeneyo. Mwayiwu ulipodi, koma ndi wa munthu amene wakhala kunja chaka chathunthu kapena kuposa, akubwerera kudzakhazikika, ndipo galimotoyo yakhala m'dzina lake kwa chaka asanabwere. Anandifunsa pasipoti n'kuwerenga zidindo, anafuna mapepala olembetsera a ku South Africa okhala ndi dzina langa ndi deti. Mng'ono wanu ali ku Johannesburg, lole inalembetsedwa ku Tete m'dzina la munthu wina. Adzafotokoza bwanji? Ngakhale zitatheka, galimoto yolowa choncho sumangoipereka kwa wina mmene wafunira, ukafuna kusintha umwini nkhani ya msonkho imadzukanso. Ndiye kuti lole yogula ndi ng'ombe zanu ikhala ya mng'ono wanu papepala, ndipo mwamudyera mwayi wake wa tsiku limene adzafune kubwera ndi yakeyake.

Mnyamata wa ku Livunzu:

Koma si paja katundu wa m'maiko a SADC salipira duty? Mozambique ili mu SADC.

Ajenti woombola katundu, pa Mwanza:

Ayi achimwene, apa ambiri amasokoneza. Chikalata cha SADC chimayang'ana kumene chinthu chinapangidwa, osati kumene chakhala. Dyna imeneyi inapangidwa ku Japan. Kukhala ku Mutarara zaka zingati sikuisandutsa ya ku Mozambique.

Ndiwonjezere kwa wofunsa: mukalandira chiwerengero, muyerekeze ndi njira ziwiri zina. Kuitanitsa ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe kumafuna madola, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 njira imeneyi inalemera. Inayo ndi kugula lole yolembetsedwa kale konkuno, n'kungosintha umwini. Nthawi zina yooneka yodulayo ndi imene imatsika mukaphatikiza zonse. Ndipo ndalama ya msonkho muzilipira ku banki, risiti ikhale ya dzina lanu. Madobadoba oima pageti amene amati "tipatseni tikuthamangireni" musawapatse ngakhale livrete.

Mayi wa ku Makhanga:

Walira mvula walira matope, bambo. Koma funsani kaye mayi a kunyumbawo, poti za banki m'khonde ndi dzina lawo limene lili m'buku, ndipo wogulitsayo ndi mlongo wawo. Zikavuta adzapanikizika pakati ndi iwo.

Wofunsa, wa pa Bangula:

Takhuta nonse, ndawerenga mobwereza. Madala a pa Dyeratu, mawu anu andilasa. Madzulo ano ndinapita pansi pa nimu paja ndi tochi, ndapala matope pa felemu ndipo nambala ndaiona, ili pomwe mwanenapo. Ndakhala pamenepo nthawi yaitali. Mnyamata uja ndamuimbira kuti asabwere.

Mayi a ku Makhanga, ndakamba nawo mayiwa. Iwonso anali ndi mantha koma ankaopa kuoneka ngati akukaniza malonda a achimwene awo. Tagwirizana kuti za banki m'khonde zisakhudzidwe mpaka chiwerengero chidziwike.

Alamu ndawaimbira, atumiza zithunzi za livrete. Apa patuluka china: dzina limene lili pamenepo si lawo, ndi la munthu wa ku Tete amene anawagulitsa zaka 4 zapitazo, sanasinthe. Akuti munthuyo alipo ndipo nambala yake ali nayo. Lolemba ndipita pa Marka ndi zithunzizi. A pa Mwanza, ndifunsenso: alamu ayambe asintha umwini kwawoko kuti ikhale m'dzina lawo, kapena kalata yogulitsana ndilemberane ndi wa ku Teteyo mwachindunji? Ndipo ng'ombe ya chikole ija ndiitanitse kaye, kapena ndiisiye mpaka Lolemba?