Mwana wa manja otuwa koma malungo alibe

HSA (mlangizi wa zaumoyo wa m'midzi), Thekerani: Anzanga, thandizeni nzeru. Ndili ndi mwana wa chaka ndi theka, zikhatho zatuwa, m'zikope mwayera, amatopa msanga ndipo amadya dothi. mRDT, kachipangizo koyezera malungo, yatuluka negetivu. Tepi ya pamkono yoyezera kunyentchera ili pa girini (sananyentchere), mapazi sanatupe. Amayi ake akuti ndingowapatsa mankhwala a magazi azipita, akuchedwa ku ntchito ku esiteti.

HSA, Chonde: Albendazole analandira liti, achemwali? Onani m'buku la sikelo. Njoka zam'mimba zimayamwa magazi mwakachetechete, makamaka kwa ana oyenda opanda nsapato.

HSA, Thekerani: Anamwa miyezi iwiri yapitayo.

Namwino, Mulanje: Kutuwako kwafika pati? Ngati chikhatho chayereratu, kapena akupuma mofulumira, musachedwe naye, ameneyo ndi wa kuchipatala chachikulu lero lomwe, mwina afunika kuwonjezeredwa magazi. Ngati n'kwapang'ono, apite ku helefu senta akamuyeze Hb, mlingo wa magazi. Akampatsa ayironi wa masiku 14 n'kubweranso, ndipo amamwa mpaka miyezi iwiri. Mukawauziretu amayiwo kuti chimbudzi chidzada, asadzaope n'kusiya mankhwala. Botolo aziika patali, ayironi wambiri amapha mwana.

Mlangizi wa zakudya, Thyolo: Zonsezo n'zoona, koma palibe amene wafunsa kuti mwanayo amadya chiyani. Funsani chakudya cha dzulo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

HSA, Thekerani: Ndafunsa, amayi. Amasiyidwa ndi agogo ake. M'mawa tiyi wopanda mkaka ndi chinangwa, masana phala la ufa woyera, madzulo nsima yothira msuzi, kenako tiyi wina. Kuyamwa analeka.

Mlangizi wa zakudya, Thyolo: Ndiye nkhani ndi imeneyotu. Mwana amabadwa ndi ayironi womukwanira pafupifupi miyezi 6, zikatero ayenera kumupeza m'chakudya chifukwa akukula mofulumira. Mwa zomwe mwatchulazo ayironi ndi wochepa kwambiri. Choipanso, tiyi ali ndi tanini amene amamanga ayironi wa m'masamba ndi nyemba, thupi osamutenga. Kuno tiyi sitigula patali, ndiye amasanduka chotonthozera mwana. Agogo ayambe phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi usipa kapena bonya wosinja. Nandolo ali mbwee m'minda, amufewetse am'patse nandolo weniweniyo, osati msuzi wokha. Bonongwe, chisoso, dzira, kachiwindi ka nkhuku pakapezeka. Akangodya am'patse gwafa, nanazi kapena lalanje, vitamini C ndi amene amathandiza kuti ayironi wa m'zomera alowe m'thupi.

HSA, Muloza: Kuno amawiritsa masamba a mapeyala, ati madzi ake ofiirawo amawonjezera magazi. Ena amagula zakumwa zofiira za m'botolo.

Mlangizi wa zakudya, Thyolo: Kufiira si ayironi, achimwene. Ndalama yachakumwayo agule kamulu ka usipa.

HSA, Chonde: Koma tisamangoloza tiyi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse (MDHS) wa 2015-16 anapeza ana 63 pa 100 alionse a miyezi 6 mpaka 59 ali ndi magazi ochepa, ndipo si onse chifukwa cha chakudya. Malungo obwerezabwereza amaswa magazi ngakhale lero atuluke negetivu. Neti amagonamo? Ana okulirapo osamba kumtsinje tiziwafunsanso za likodzo.

Namwino, Mulanje: Eya. Ndipo akamwa ayironi miyezi iwiri osasintha, abwerere akamuyeze sickle cell (matenda a magazi obadwa nawo) ndi zina. Chinanso kwa nonse: mwana amene ali pa chiponde cha kuchipatala cha ana onyentchera musamuwonjezere ayironi, alimo kale.

HSA, Thekerani: Neti ilipo koma amagonamo makolo, mwana amagona kwa agogo. Vuto langa ndi agogowo, andimva ine kuti asiye tiyi?

SHSA (mkulu wa ma HSA), Thyolo: Mukawauza amayi okha pa sikelo mwataya nthawi, wophika ndi gogo. Pitani kunyumba ndi mayi wa care group (gulu lophunzitsa zaumoyo ndi zakudya m'makomo) wa m'mudzimo, mukaphike nawo phalalo. Musakanyoze tiyi wawo, iwo azimwa, mwana azilandira phala. Kalata yotumizira mwalemba?

HSA, Thekerani: Ndalemba, abwana. Apita mawa pa kabaza. Kwa agogo ndipita Lachisanu, neti ina ndifunsa ku ofesi.