Mpeni umodzi wa kukhitchini ndi kuphiri: ndigule uti?

Wophika wa ku Likhubula:
Akuluakulu, ndabwera ndi vuto langa. Kukakhala kulibe alendo okwera phiri ndimaphika ku loji kuno kumunsi, koma akapezeka ndimanyamuka nawo masiku anayi kapena asanu: Chambe, Chisepo, Sapitwa, n'kudzatsikira ku Lichenya. Mipeni ya ku loji abwana salola kuti ituluke pageti, ndiye kuphiri ndakhala ndikuyenda ndi kampeni kopinda. Sabata yatha ku Chisepo ndimadula nkhuku manja ali gwa ndi kuzizira, kampeni kaja kanapindika n'kunditema chala cha mkombaphala. Masiku awiri otsalawo ndinaphika chala chili chomanga. Chinanso, popindikira pake pamalowa mafuta ndi magazi a nyama, ngakhale utsuke bwanji pamakhalabe fungo, ndipo ndimachita mantha kuti tsiku lina ndidzatsegula alendo m'mimba. Ndikufuna mpeni wosapinda, umodzi basi, woti ndidulire anyezi, tomato, nkhuku, chingwe, komanso kuwaza tinkhuni toyatsira moto. Ndalama ndilibe zambiri. Ndigule wotani?

Wophika wa ku Cape Town:
Achimwene, pepani ndi chalacho. Mpeni womwe mukufotokozawu ulipo kale, ndi Morakniv Companion. Umapangidwa ku Mora, tauni ya ku Sweden komwe akhala akusula mipeni kuyambira kale kwambiri. Chitsulo chake n'chotalika masentimita 10 ndi pang'ono, chogwirira n'cha labala moti suterera ngakhale manja ali onyowa, ndipo umabwera ndi chimake chapulasitiki chokoleka palamba. Kuno anthu ambiri okonda kukagona kutchire ali nawo, chifukwa pamipeni ya mtundu umenewu ndi umodzi mwa yotchipa. Koma samalani, ilipo mitundu iwiri: wa carbon steel ndi wa stainless. Musalakwitse pamenepa.

Madala a butchala, Limbe:
Mwana wanga, ine ndagwira mpeni zaka zambiri ndipo ndinena zomwe manja anga akudziwa. Tengani wa carbon. Umanoleka msanga, ungopititsa pamwala kangapo wayamba kale kumeta ubweya wapamkono. Mipeni yomwe ndinayambira ntchito inali yosula amisiri athu omwewa kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, ndipo ndinasenda nayo mbuzi zosawerengeka. Ya stainless yambiri yapamsikayi ndi malata chabe, umanola m'mawa pofika 10 koloko yabuntha.

Mayi a kukhitchini, Mangochi:
Bambo, zomwe mwanenazo n'zoona kubutchala kwanuko, komwe mpeni umagwira nyama yokhayokha ndipo madzulo mumaupukuta n'kuupaka mafuta. Koma achimwenewa akunena za ku Mulanje. Kukachita chiperoni kumeneko chilichonse chimanyowa, ngakhale zovala za m'chikwama. Mpeni wa carbon ukagona usiku umodzi m'chimake chonyowa, m'mawa mupeza wayamba kufiira ndi dzimbiri. Ine ndinali nawo wotere kuno kunyanja. Ndikatumbula chambo n'kuusiya pasinki pang'ono pokha, ndikabwerako wachita mawanga. Ndikadulira ndimu kapena chinanazi, chipatsocho chimada m'mbali ndipo chimamveka kachitsulo pakamwa. Mlendo wina anabweza mbale ya zipatso chifukwa cha zimenezo, ndipo sindinamuimbe mlandu. Chitsulo chimatchedwa stainless chikakhala ndi chromium yoposa magawo 10 pa 100 alionse, ndipo ndi chromium imeneyo imene imatchinga dzimbiri. Munthu wophikira alendo pamalo onyowa, amene mpeni womwewo udula nyama, tomato ndi zipatso, atenge stainless. Angosankha wabwino, osati malata amene bambo akunenawo.

Madala a butchala, Limbe:
Pa chinyezipo mwandigonja mayi. Ku Mulanje ndinapitako, ndikukudziwa.

Wophika wa kampu, Liwonde:
Ine Mora ndili naye, wa stainless, anandisiyira mlendo wina zaka zitatu zapitazo. Ndimamukonda, koma ndikuuzeni chilungamo musanatumize ndalama ku Joni. Mpeni umenewu anaupangira mitengo, osati anyezi. Muuone bwino m'mbali: chitsulocho n'chokhuthala mamilimita 2.5 kuchokera kumsana mpaka pafupi ndi kukamwa, kenako n'kupendekeka kamodzi kokha kukathera pakuthwa. Kanoledwe kameneka amati Scandi. Posema mtengo kapena kusongola zikhomo za tenti, palibe wina wouposa. Koma ikani karoti kapena mbatata ya kachewere pathabwa. Mpeni umalowa pang'ono, kenako kukhuthala kuja kumakanirira, mbatata n'kung'ambika ndi phokoso, "thwa", ngati mwaiwaza ndi nkhwangwa. Anyezi woonda wa saladi simungamudule bwino, zigawo zimatuluka zina zonenepa zina zoonda. Komanso ndi waufupi, kabichi wamkulu umachita kumuzungulira. Ndipo poti chitsulocho n'chopapatiza, zala zimagunda pathabwa mpeni usanafike pansi.

Ndiye funso langa kwa inu achimwene ndi ili: pa tsiku limodzi kuphiri, mpeni mumagwiritsa ntchito kangati pa chakudya, nanga kangati pa nkhuni?

Wophika wa ku Likhubula:
Ndikaganiza bwino, pafupifupi nthawi zonse ndi chakudya. M'mawa tomato ndi anyezi wa mazira, masana masangweji, madzulo nkhuku kapena nyama ndi ndiwo zamasamba. Nkhuni kumahati kuja alonda amakhala atakonza kale. Ine ndimangofuna tizidutswa toonda toyatsira pamene nkhunizo zanyowa.

Wophika wa kampu, Liwonde:
Basi mwadziyankha nokha. Mukufuna mpeni wakukhitchini wolimba woti uzipita kuphiri, osati mpeni wakutchire woti muziukakamiza kukhitchini. Zoyatsira motozo bwerekani chikwanje cha mlonda, kapena mmodzi mwa mapota anyamule chake. Zomenya mpeni ndi chikuni kumsana kuti uwaze nkhuni zija n'zimene zimathyola mipeni yambiri, makamaka imene chitsulo chake sichinalowe mpaka kumapeto kwa chogwirira. Ngakhale Mora chitsulo chake chimathera m'kati mwa chogwirira, sichitulukira kumbuyo.

Madala a butchala, Limbe:
Ngati ndi choncho, tengani umene ife timagwiritsa ntchito masiku ano. Mpeni wabutchala wa mainchesi 6, ndiye kuti masentimita 15, wa chogwirira chapulasitiki choyera chija. Tramontina ya ku Brazil imapanga yotere ndipo imapezeka m'mashopu ogulitsa ziwiya zakukhitchini mtauni muno. Victorinox ya ku Switzerland, ya chogwirira chakuda chotchedwa Fibrox, ndi yabwino kuposa pamenepo koma mtengo wake ndi wokwererapo. Musatenge woonda uja wochotsera mafupa, umene umapindika ngati nsungwi. Tengani wotakata pang'ono, wokhala ndi kamimba chakunsonga. Umenewo umadula nkhuku polumikizira mafupa, umasenda, umadula kabichi, ndipo chingwe cha nayiloni sichivuta.

Mukafika m'shopu musachite manyazi, utulutseni m'pepala. Gwirani chogwirira ndi dzanja limodzi, nsonga ndi linalo, yesani kupinda pang'ono. Uzibwerera pomwepo, usatsale wokhota. Gwedezani chogwiriracho, chisamveke kulira kapena kusewera. Yang'anani pomwe chitsulo chikulowa m'chogwirira, pasakhale kampata, chifukwa m'menemo ndi mmene mumabisala litsiro lomwe mukulithawa pa mpeni wopinda uja. Ndipo wa mano ngati sowo musautenge ngakhale akutsitsireni mtengo. Ukabuntha simungaunole pamwala.

Mayi a kukhitchini, Mangochi:
Ndiwonjezere za chogwirira. Chathabwa chimakongola, koma chikamanyowa n'kuuma tsiku ndi tsiku chimang'aluka pamisomali paja, ndipo madzi a nsomba kapena a nkhuku akalowamo satulukanso. Chapulasitiki mumangochiviika m'madzi otentha a sopo, chayera. Kuphiri komwe madzi otentha ndi ochepa, yambani kudula zodya zosaphika monga saladi ndi zipatso, nyama yaiwisi ibwere pomaliza, kenako tsukani.

Wophika wa ku Likhubula:
Ndamva. Koma mpeni wabutchala subwera ndi chimake. Ndiunyamula bwanji m'chikwama osang'amba katundu wa alendo kapena msana wa pota?

Wophika wa kampu, Liwonde:
Chimake mupanga nokha, ine ndapangira anzanga atatu. Pezani kachidutswa ka paipi ya PVC yopyapyala, yotalika kuposa chitsulo cha mpeniwo ndi zala zitatu. Itenthetseni pamwamba pa mbaula chapatali, muzitembenuza, panja pomwe pali mphepo. Isapse kapena kuda, utsi wake ndi woipa. Ikafewa ngati chikopa, lowetsani mpeni mpaka chogwirira chilowe pang'ono, ndiye panikizani mbali ya chitsuloyo pakati pa matabwa awiri, muponderepo mpaka izizire. Ikauma imagwira mpeni yokha, ngakhale muuzondotse sugwa. Kumunsi siyani kabowo koti madzi azitulukira. Chachikopa cha kwa osoka nsapato ndi chokongola, koma chimasunga chinyezi ndi fungo, ndipo simungachitsuke m'kati.

Wophika wa ku Cape Town:
Ndavomereza, pa ntchito yanuyi anzangawa alondola. Koma ngati tsiku lina mudzafunebe Mora wa zingwe ndi mitengo, amene akubweretsereniyo akakhala wa pandege auike m'chikwama chachikulu chopita pansi, osati cham'manja, angamulande pabwalo.

Madala a butchala, Limbe:
Chomaliza, chifukwa apa ndi pamene anyamata ambiri amaonongera mpeni wabwino. Musaupereke kwa a galayindala apamsika. Gudumu lija limatentha chitsulo, mukaona kukamwa kwa mpeni kwasanduka kobiriwira ngati buluu, dziwani kuti kulimba kwake kwatha, uzingobuntha sabata iliyonse. Gulani mwala wonolera wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala. Unyowetseni. Gonekani mpeni, kwezani msana wake pang'ono, madigiri 15 mpaka 20. Kankhani ngati mukufuna kusenda mwalawo, kuchokera kuchogwirira mpaka kunsonga, mbali imodzi yokha, mpaka mukapititsa chala chachikulu kuchokera kumsana kutsikira kukamwa mbali inayo mumve kakukala ngati kawaya. Mukakamva, tembenuzani muchite chimodzimodzi. Malizani ndi mbali yosalala mopepuka, kenako kokani kangapo palamba wachikopa chobwerera m'mbuyo. Kuphiri simunyamula mwala. Tembenuzani kapu yadothi ya tiyi, kunsi kwake kuli kamkombero kosapaka utoto, kameneko kamadzutsa mpeni bwinobwino.

Ndipo musadulire pamwala kapena m'mbale yachitsulo. Nyamulani kathabwa kapulasitiki, sikalemera.

Wophika wa ku Likhubula:
Akuluakulu, ndabwera kudzapereka lipoti. Lachiwiri ndinapita ku Limbe, ndinapeza wa masentimita 15 wa chogwirira choyera, stainless, ndi mwala womwe. Ndinayesa atatu m'shopu monga munanenera bambo, umodzi unali ndi kampata pachogwirira ndinausiya. Chimake choyamba ndinachiwotcha kwambiri chinakwinyika, chachiwiri chagwira bwino ndipo ndaboola pamwamba n'kumangapo chingwe. Ndangotsika kumene ku Chambe ndi alendo anayi. Kunagwa mvula masiku onse awiri, mpeni ulibe banga ngakhale limodzi. Nkhuku ndinadula mosavuta, tomato wakupsa anatuluka woonda osaphwanyika. Zoyatsira moto anandiwazira mlonda ndi chikwanje chake. Chomwe chikundivutabe ndi kunsonga, sikukuthwa ngati pakati.

Madala a butchala, Limbe:
N'chifukwa cha kamimba kaja. Mukamafika pokhotera, kwezani chigongono pang'ono kuti nsonga ikhudze mwala. Pakani inki ya maka kukamwa konse musanayambe, pomwe inki yatsalira ndi pomwe mwala sunafike. Yesani madzulo ano, munditumizire chithunzi ndione.