Ndalama za chaka chino: tikonze madamu a suweji kapena tiyeze madzi?

Wapampando: Moni nonse, abale ndi alongo. Komiti yabwera ndi maganizo awiri pa ndalama zomwe tasonkha. Oyamba, tithandize khonsolo kuchotsa matope m'madamu a suweji. Achiwiri, tilipire labotale yoima payokha kuti iziyeza madzi otuluka pa paipi yochoka m'madamuwo kupita mumtsinje mwezi ndi mwezi, zotsatira zake tizikapereka kwa oona za chilengedwe. Zonse ziwiri sitingathe. Tiyeni timve maganizo anu.

Msungichuma: Ine ndili pa madamu, a Wapampando. Munthu akasonkha amafuna aone ndi maso. Pepala la ku labotale silichotsa fungo.

Namwino: Ndinapitako mwezi watha kukaona amayi, ndipo ndinatsika mpaka pomwe paipi imathira mumtsinje. Madzi ake ndi otuwa, thovu lili mbuu m'mbali, miyala yaterera ndi zinthu zakuda. Kumunsi pang'ono ndinapeza ana atatu akusambira, wina akuchita kumiza mutu. Ndinawatulutsa, koma mtima ukundiuza kuti mawa lake anabwereranso. Chilichonse chomwe tisankhe, chichitike mvula isanagwe.

Injiniya: A Msungichuma, nkhawa yanu ndaimva, koma mundilole ndifotokoze. Madamu aja amagwira ntchito motsatana. Loyamba ndi lakuya, matope amakhazikika pansi. M'lachiwiri ndere ndi mabakiteriya zimathandizana kudya zonyansa. Omalizawo ndi osaya dala, kuti dzuwa liphe tizilombo. Loyamba likadzaza, suweji imangodutsa osakhalitsa masiku ake. Choncho kuchotsa matope n'kofunikadi, koma pakapita zaka zochepa amadzazanso. Kodi tidzasonkhanso? Imeneyi ndi ntchito ya khonsolo, ndipo chomwe chikusowa ndi wowakakamiza. Pali muyeso wotchedwa BOD, woonetsa mpweya wa okosijeni umene mabakiteriya amatha m'masiku 5 podya zonyansa za m'madzi. Suweji yosatsukidwa imakhala pakati pa mamiligalamu 200 ndi 400 pa lita imodzi, pomwe lamulo la European Union la 1991 lidaika malire pa 25 potuluka. Suweji yotero ikalowa mumtsinje imatha mpweya womwe nsomba zimapuma. Tikapita ku khonsolo opanda nambala, adzangotiuza kuti zonse zili bwino.

Aphunzitsi opuma: Ana anga, ndikumbutseko mbiri. Ku London, mu 1854, dokotala John Snow adaonetsa kuti kolera inkachokera pa pampu imodzi ya madzi mu Broad Street. Akuluakulu sadafulumire. Adadzuka mu 1858, fungo la mtsinje wa Thames litalowa m'nyumba ya malamulo, ndipo Joseph Bazalgette adamanga ngalande zikuluzikulu za suweji. Koma ngalandezo poyamba zinkangokataya zonyansa kumunsi kwa mzinda osazitsuka. Pofika 1957 mtsinjewo unkatchedwa wakufa. Adamanga, inde, koma zomwe zinkatuluka kumapeto zidaupha ndithu.

Msungichuma: Zikomo bambo, ndamva. Koma tinene zoona, ogwira ntchito ku khonsolo ndi ana athu omwe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Tikafika ndi mapepala adzati tikuwaneneza, ndiye ubale usokonekera.

Mlembi: Achimwene, sitikufuna munthu achotsedwe ntchito. Vuto ndi loti amene akutaya suweji ndi yemweyo akudziyeza yekha, ngati amayeza n'komwe. Ku America, lamulo la Clean Water Act la 1972 limati paipi iliyonse yothira mumtsinje, ngakhale ya mzinda, ikhale ndi chilolezo cholemba malire, ndipo mwini wake azipereka zotsatira za miyeso. Ifenso tifunse chilolezo cha paipi yathu. Ngati chilipo, tione malire ake. Ndipo mwina ana athuwo adzakondwera, chifukwa nambala zidzawathandiza kupempha ndalama zokonzera.

Namwino: A Injiniya, BOD imanena za nsomba. Ine nkhawa yanga ndi mimba za ana aja. Ayezenso mabakiteriya otchedwa E. coli, ndiwo amaonetsa kuti m'madzi muli chimbudzi.

Injiniya: Zoonadi, achemwali. Ndipo tizitunga malo atatu: kumtunda kwa paipi, pa paipi penipeni, ndi kumunsi pomwe anthu amasamba. Tikatero palibe adzanene kuti uve wachokera kwina. Tiyambe chilimwe chino, mtsinje uli wochepa, chifukwa ndi pomwe suweji imasowa madzi oisungunula.

Msungichuma: Ndivomera ngati zotsatira ziziikidwa pagulu pano mwezi uliwonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Koma pakatha miyezi 6 khonsolo ili chete, nkhani ya matope ndidzaidzutsanso.

Wapampando: Zalembedwa. Tivota Lachisanu madzulo. Amene simunalankhule, mpata udakalipo.

Namwino: Podikira votiyo, ndani ali pafupi woti akakhome chikwangwani pamalo osambira paja? Utoto ndi thabwa ndigula ine.