Though, through, thorough ndi anzake: kodi zilembo zikafanana, tanthauzo limafanananso?

Wophunzira_F4

Akuluakulu, ndithandizeni. Mawu awa amandizunguza mutu: though, through, thought, thorough, tough, trough. Onse ali ndi ough, koma katchulidwe kake n'kosiyana. Kodi mawu a Chingerezi akakhala ndi zilembo zofanana chonchi ndiye kuti ndi apachibale pa tanthauzo? Nanga inspect, respect ndi suspect? Pali lamulo loti munthu n'kuligwira, kapena n'kungoloweza limodzilimodzi?

Chokochoyera

Mwafunsa zinthu ziwiri zosiyana pamenepa, achimwene. Ine nditenga za ough.

Zilembo zinayizi zilibe tanthauzo lililonse pazokha. Cha m'ma 1300 gh ankatchulidwa ndithu, ndi liwu lapakhosi longa lomwe anthu a ku Scotland amatchula m'mawu akuti loch. William Caxton atayamba kusindikiza mabuku ku Westminster mu 1476, kalembedwe kanayamba kukhazikika pang'onopang'ono, pomwe katchulidwe kanapitiriza kusintha. M'mawu ena gh anangoti zii, m'mawu ena anasanduka f, koma papepala anakhalabe momwemo.

Choncho aikeni m'magulu potengera kamvekedwe. Tough, rough ndi enough amatha ngati stuff, ndipo matanthauzo ake ndi cholimba, chokhakhala ndi chokwanira. Cough, kutsokomola, ndi trough, chodyeramo kapena chomweramo ziweto, amatha ngati off. Though, ngakhale, ndi dough, ufa wokanda wopangira buledi, amamveka ngati go. Bough, nthambi yaikulu ya mtengo, ndi plough, pulawo, ali ndi liwu la mu cow. Through, kudutsa kapena kudzera, ali yekha ndi liwu la mu blue.

Gulu losavuta ndi la thought, bought, brought, fought ndi sought. Onsewa ndi aneni a nthawi yakale ochokera ku think, buy, bring, fight ndi seek, ndipo amatchulidwa mofanana ndi caught. Koma samalani ndi drought, chilala. Ali ndi t kumapeto ngati anzakewo, komabe amatchulidwa ndi liwu la mu cow.

Pa mawu mwatchulawo, apachibale enieni ndi through ndi thorough okha. Anachokera ku liwu limodzi la Chingerezi chakale, ndipo ntchito yomwe ndi thorough ndi yoti munthu wadutsamo monsemonse osasiya kanthu.

Chinanso chomwe chimagwetsa ambiri ndi th. Ya Chingerezi si ija timatchula mu thupi kapena thumba. Mukatchula thought ndi th yathuyo, womvera amva taught, anaphunzitsa. Mukayamba though ndi d, mwanena za ufa wa buledi. Ikani nsonga ya lilime pakati pa mano n'kutulutsa mpweya. Mu thought, through ndi thorough umatuluka mpweya wokha, pomwe mu though pakhosi pamanjenjemera. Gwirani pakhosi ndi chala, mumva kusiyana kwake.

MayiGalamala

Aphunzitsi afotokoza bwino. Za spect ndiye nkhani ina, chifukwa apa zilembo zili ndi tanthauzo. Tsinde limeneli ndi la Chilatini ndipo limanena za kuyang'ana. Inspect ndi kuyang'ana m'kati mwa chinthu, kuyendera. Spectator ndi woonerera. Prospect ndi kuyang'ana kutsogolo, retrospect kuyang'ana m'mbuyo. Expect nayenso ndi wa banja lomweli, kungoti s anamezedwa ndi x. Respect ndi suspect tanthauzo lawo linasuntha ndithu, kulemekeza ndi kukayikira, ndiye pamenepo tsinde lingokuthandizani kukumbukira kalembedwe.

N'chimodzimodzi port, kunyamula: import kulowetsa katundu m'dziko, export kutumiza kunja, transport kunyamula kupita kwina, portable chonyamulika m'manja, porter wonyamula katundu. Dict ndi kunena: predict kuneneratu, contradict kutsutsa zomwe wina wanena, verdict chigamulo cha kukhoti.

Njira yake ndi iyi. Dulani liwulo patatu: kachidutswa ka kumayambiriro, tsinde, ndi kachidutswa ka kumapeto. Ka kumayambiriro kamaloza kolowera, monga ex kunja, pre chinthu chisanachitike, trans kutsidya, re kubwereza kapena kubwerera. Ka kumapeto kamakuuzani mtundu wa mawu: tion kawirikawiri ndi dzina, able ndi mfotokozi, or ndi er nthawi zambiri ndi wochita. Mukatero mwapeza tanthauzo longoganizira, ndipo muliyese m'chiganizo momwe mwalipezamo.

Kwa ine banja lopindulitsa kwambiri kuliphunzira ndi la ceive. Receive, deceive, perceive ndi conceive onse amalembedwa ei pambuyo pa c, ndipo mayina awo amatsata njira imodzi: reception, deception, perception, conception. P yemwe satchulidwa mu receipt ndi yemweyo wa mu reception.

Wophunzira_F4

Zikomo kwambiri amayi. Ndiye kuti paliponse ndikaona port ndiziganiza za kunyamula?

Kafufuze

Ayi achimwene, pamenepo ndi pomwe njirayi imapweteketsa. Port ya doko inachokera ku liwu lina la Chilatini, portus, ndipo ndi imene ili mu airport ndi opportunity. Portion ndi portrait alibe chochita ndi kunyamula. Mu carpet mulibe car, galimoto, kapena pet, chiweto. Island ndi isle amaoneka ngati mwana ndi kholo, pomwe anachokera kosiyana: isle anadzera m'Chifalansa kuchoka ku Chilatini, island ndi wa Chingerezi chakale, ndipo s wakeyo anamulowetsamo pambuyo pake anthu omwe ankaganiza kuti mawuwa ndi amodzi. N'chifukwa chake satchulidwa.

Choopsa kwambiri ndi in. Mu incorrect ndi invisible amatanthauza kukana, koma inflammable ndi chinthu chosachedwa kuyaka, chimodzimodzi flammable. Chosayaka amalemba non-flammable. Munthu akawerenga molakwa pachigubu cha mafuta, ngozi yake si yamayeso chabe. Invaluable nayenso si chopanda pake, ndi chamtengo wapatali zedi. Chopanda pake ndi worthless.

Mukakayika, tsegulani mtanthauziramawu wabwino, wa pepala kapena wa pa intaneti, muone zinthu zitatu: katchulidwe, mtundu wa mawu, ndi kamzere kofotokoza komwe liwulo linachokera. Onaninso pomwe pali mphamvu ya liwu, chifukwa import, export, suspect ndi record akakhala mayina mphamvu imagwera phatikizo loyamba, akakhala aneni imagwera lachiwiri.