Joule thief yanga ikukana kuyaka, ndalakwitsa pati?

Kamwaya:
Abale anga, ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi kachitini kodzaza mabatire a AA amene anatopa mu rimoti ndi mu wotchi ya pakhoma. Ndikawayeza pa multimeter (kachipangizo koyezera magetsi), ambiri amasonyeza pakati pa 1.0 V ndi 1.2 V, ndiye kuwataya kumandiwawa. Ndinamva za joule thief, kaja kamayatsa LED yoyera ndi batire limodzi lokha, chonsecho LED yoyera imafuna pafupifupi 3 V. Loweruka ndinakhala pansi n'kuyesa.

Ndatenga transistor ya 2N3904, resistor ya 1k, LED ya mu tochi yakufa, ndi kamphete ka ferrite komwe ndinachotsa m'babu lopserera la energy saver. Pa kampheteko ndakulunga mawaya awiri limodzi, maulendo 20. Nsonga ziwiri ndazipotera pamodzi n'kupita nazo ku + ya batire. Transistor ili ndi miyendo itatu: base, collector ndi emitter. Pa nsonga zotsalazo, ina yapita ku base kudzera pa resistor, inayo ku collector. Emitter ili ku −, LED ili pakati pa collector ndi −. Koma kuli zii! Ngakhale ndi batire latsopano, olo kuphethira. Chokhacho chomwe ndaona n'chakuti transistor imafunda ndikaigwira.

Sodala_Mbuzi:
Achimwene, yang'anani miyendo kaye. Mukayang'ana mbali yafulati ya 2N3904, miyendo italoza pansi, kuchokera kumanzere ndi emitter, base, collector. Transistor ina ija, BC547, ndi mosemphana: collector, base, emitter. Zithunzi zambiri zimajambula BC547, ndiye munthu amangokopera n'kutembenuza osadziwa. Komanso waya wokulungira amakhala ndi vanishi, mwapala nsonga zake?

Gogo Wawailesi:
A Sodala anena zoona, koma ine ndagwira mawu aja akuti transistor ikufunda. Ngati ikufunda ndiye kuti magetsi akudutsa, vanishi munapala bwino. Vuto lili pa nsonga zomwe mwapotera pamodzi. Ndikukayikira kuti mwalumikiza chiyambi cha waya woyamba ndi chiyambi cha wachiwiri. Pamafunika chiyambi cha wina ndi mapeto a mnzake.

Chifukwa chake n'chotere. Transistor ikayamba kutseguka, magetsi amakwera mu koyilo (waya wokulunga uja) ya ku collector, ndipo koyilo inayo imakankhira base kuti itseguke kwambiri. Magetsi aja akasiya kukwera, kukankha kuja kumatha, transistor imatseka mwadzidzidzi, ndipo mphamvu yomwe inasungidwa mu ferrite imasowa kolowera. Voteji imalumpha mpaka LED itailola kudutsa. Zimabwerezabwereza maulendo masauzande ambirimbiri pa sekondi, diso n'kumaona ngati kuwala kosalekeza. Tsono makoyilo akayang'ana kumodzi, ya ku base imabweza m'malo mokankha. Transistor imangokhala chotsegula, kumadya batire n'kumafunda, LED ikuona 1.5 V kapena kucheperapo.

Sinthanitsani nsonga ziwiri za koyilo imodzi yokha. Imodzi, mwana wanga. Mukasintha onse awiri mwabwerera pomwe munali.

Kamwaya:
Agogo, yayaka! Ndachita kukuwa ndekha m'chipinda. Miyendo inali bwino, a Sodala, koma zikomo chifukwa ndili ndi ma BC547 awiri ndipo ndikanagwa m'mbuna yomweyo. Mawaya anga onse ndi a mtundu umodzi, ndiye sindinkadziwa kuti uyu ndi uti. Pano ndadetsa wina ndi maka.

Ndayesa mabatire onse a m'kachitini. La 1.1 V likuwala moti nditha kuwerengera buku. Lina la 0.8 V likuyakabe, koma mofooka. Lina la 0.4 V lakaniratu.

Mafunso awiri. Ndikayeza pa miyendo ya LED, multimeter ikusonyeza pafupifupi voteji ya batire yomweyo, osati 3 V, pomwe LED ikuyaka maso anga akuona. Multimeter yanga yafa? Chachiwiri, musandiseke: nditaika mabatire otopawa, sindingatchajeko foni?

Gogo Wawailesi:
Multimeter ili bwinobwino. Pa DC imaonetsa avereji, ndipo voteji ya pa collector imangolumpha n'kugwa. Avereji yake imafanana ndi ya batire chifukwa pakati pawo pali waya wa koyilo basi. Mukafuna kuona voteji yokwerayo, ikani diode ya Schottky ngati 1N5819 kuchokera ku collector, kenako capacitor kupita ku −, muyeze pa capacitor. Koma musaisiye yopanda chodya magetsiwo. Popanda LED kapena zener (diode yoletsa voteji kukwera mopitirira), voteji imakwera kwambiri, ndipo 2N3904 malire ake ndi 40 V. Batire la 0.4 V lakana chifukwa transistor ya silicon imafuna pafupifupi 0.6 V pa base kuti iyambe.

Za foni, iwalani. Batire la AA la alkaline latsopano limasunga ma Wh (muyeso wa mphamvu yosungidwa) atatu kapena anayi, la foni limaposa 10 Wh, ndiye lotopa lingapereke chiyani? Kachipangizo kanuko kamatulutsa ma milliamp ochepa, ndipo voteji yake si yokhazikika pa 5 V yomwe foni imafuna.

Sodala_Mbuzi:
Chenjezo lina: batire la alkaline likayamwidwa mpaka pansi limakonda kuchucha, ndipo zoyera zomwe limatulutsa zimadya zitsulo za holder yoikamo batire. Ine ndinataya holder yabwinobwino. Otchaja a NiMH musawaikemo n'komwe, safuna kutsika kwambiri pansi pa 1.0 V.

Kamwaya:
Ndamva, foni ndaisiya. La 1.1 V lija ndalisiya chiyakire pa windo kuyambira 7 koloko madzulo, ndikulemba voteji pa kapepala m'mawa uliwonse. Ndili ndi kamphete kena kachikasu ka mu power supply ya kompyuta, mawa ndikulunga maulendo 20 omwewo ndione ngati kayake.