Zija ndinafunsa za bambo a kunyumba ndi tchipisi

Mwezi watha ndinafunsa ngati mutu ndi chizungulire zimene bambo a kunyumba amadandaula zikuchokera ku zakudya za pachiwaya. Ambiri munati tisiye zongoganizira, tipite kuchipatala. Tinapitadi, ndipo anawapeza ndi BP ya 160/100.

Anesi atafunsa zomwe amadya, ine manyazi. Paja iwo amayendetsa kabaza pa Kamuzu Road, ndiye masana aliwonse ndi tchipisi chowaza mchere kawiri, soseji, n'kutsitsira chakumwa cha m'botolo. Mafuta ake mukuwadziwa, akuda bii, okazingira kuyambira dzana. Anesiwo anatiuza kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mchere usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono basi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Ukachuluka umasunga madzi m'thupi, mtima n'kumapopa magazi movutikira.

Pano akumwa mankhwala, ndipo ndimawalongedzera mbatata yophika ndi usipa wa ku Senga Bay m'kontena. Sabata ino BP yatsika kufika 140/90, mutu wayamba kuleka.

Koma dzulo pochapa ndinapeza kajumbo konona mafuta m'thumba la jekete. Eni ake akuti n'ka mnzawo.